Ulendo wa tsiku limodzi ku Majete kwa ife opuma pa ntchito: tiukonze bwanji?

A Phiri: Moni nonse a m'gulu. Paja pa msonkhano uja tinagwirizana kuti penshoni isamangothera kumaliro ndi kuchipatala, tipiteko kukaona nyama maso akadaona. Mavoti apita ku nkhalango yosungira nyama ya Majete. Tilipo anthu 11, wamng'ono ali ndi zaka 61, wamkulu 78. Tikufuna kunyamuka ku Blantyre m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo. Magalimoto alipo awiri, Noah ndi Sienta. Odziwa zakumeneko tithandizeni: tipite mwezi uti, tinyamuke nthawi yanji, titenge chiyani?

A Jere: Zikomo a Phiri. Kwa anthu ochokera ku Blantyre palibe malo ena apafupi kuposa amenewa. Ndi makilomita pafupifupi 70, ola limodzi ndi theka mukamayenda mosathamanga. Mumatenga msewu wa M1 wopita ku Chikwawa, kutsika phiri mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako pa Dyeratu kukhotera kumanja kulowera ku boma. Kuchokera pamenepo kwatsala makilomita 20 kapena kupitirira pang'ono, koma ndi gawo lomwe limadya nthawi, konzekerani mabampu ndi fumbi.

Za mwezi, pali zinthu ziwiri zomwe zimakokanakokana. Nyama zimaoneka bwino kwambiri kuyambira Seputembala mpaka Novembala, chifukwa udzu wauma, masamba ayoyoka, ndipo chilichonse chimatsikira ku Shire ndi m'zithaphwi zotsala kukamwa madzi. Koma ndi nthawi yomwenso Chigwa cha Shire chimasanduka ng'anjo, madigiri 40 si nkhani kumeneko mu Okutobala. Kwa gulu la msinkhu wathu ine ndinganene Julayi kapena Ogasiti. Udzu umakhala utayamba kugona, misewu yauma, kutentha kwa masana n'kopiririka. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tchire limakongola ndithu, koma njovu yonse imatha kubisala pa mtunda wa mamita 20, ndipo misewu ina imafuna galimoto yokoka matayala onse anayi.

A Banda: Ine funso langa ndi limodzi. Mkango tikauona kapena tikungokaonera mbawala zomwe tinakula nazo kumudzi?

A Jere: Achimwene, mikango ilipo koma sinasaine pangano ndi munthu. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 700, ndipo pa tsiku limodzi mumangoyenda kachigawo ka kufupi ndi mtsinje. Zomwe simungalephere kuona ndi nswala, njiri, nakodzwe, anyani, mvuu ndi ng'ona. Ngoma, boo, mbidzi ndi njovu mwayi wake ndi waukulu. Njati, mphalapala, ntchefu ndi nyamalikiti zimatengera tsiku. Chipembere musachiwerengere n'komwe: cha ku Majete ndi chakuda, chimadya masamba m'zitsamba zowirira, sichikonda poyera. Kambuku nayenso ndi wausiku.

Koma dziwani chomwe mukukaonacho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 njovu zinali zitatheratu m'nkhalango imeneyi, opha nyama mozemba atazimaliza. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Zipembere zinabwera chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, akambuku 2011, mikango 2012, nyamalikiti 2018, akakwiyo 2019, mimbulu 2021. Njovu zinaswana mpaka zina zinatengedwa pa ntchito ija ya 2016 ndi 2017 yosamutsira njovu zoposa 500 za ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Ndiye mbawala yomwe mukuinyozayo ndi ndiwo ya mkango womwe mukuufunawo.

A Mbewe: Musanafike pa mikango tikambe za phiri, chifukwa ngozi yeniyeni ya ulendowu ili pakati pa Blantyre ndi Thabwa. Mukutsika kuchoka pamwamba pa mamita 1,000 kufika pafupifupi 100, msewu wokhotakhota, galimoto itadzaza anthu ndi madzi. Dalaivala akamangokhalira pa buleki, mapadi amatentha, mafuta a mabuleki amawira mkati mwa mapaipi, pedulo imalowa pansi ngati waponda phala. Chizindikiro choyamba ndi fungo la chinthu chopserera, chachiwiri pedulo kuyamba kufewa. Mukamva zimenezo imani pamalo otambalala, dikirani mphindi 20 mpaka 30. Musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika.

Njira yopewera ndi giya. Ya manuwo tsikani ndi giya 2 kapena 3. Ya otomatiki chotsani pa D, ikani pa 2 kapena L, zina zimalemba S ndi B. Injini idzalira kwambiri, musaope, ndiyo ikugwira galimoto. Buleki muziponda mwamphamvu kanthawi kochepa n'kusiya, osati kukanda pang'onopang'ono njira yonse. Ndipo musayerekeze kutsika pa N kuti musunge mafuta, ambiri aona zakuda ndi nzeru imeneyo.

Sabata imodzi ulendo usanachitike, magalimoto onse awiri apite kwa makaniko. Aone makulidwe a mapadi, ngati atsala ochepera mamilimita 3 sinthani. Mafuta a mabuleki ngati adutsa zaka ziwiri osasinthidwa, akhetsedwe, chifukwa amayamwa chinyezi ndiye amawira msanga. Aonenso madzi a mu rediyeta, mapaipi ake ngati afufuma kapena kung'aluka, lamba wa injini, ndi fani ngati ikudzuka injini ikatentha.

Nangozo: A Mbewe, Sienta ingalowe m'nkhalangomo? Ndi yotsika kwambiri ija.

A Mbewe: M'chilimwe, m'misewu ikuluikulu ya kufupi ndi chipata, imayenda ngati dalaivala ali wodekha. Vuto ndi mimba yake. Ikadzaza anthu 6 imakhala pansi, ndiye pa mwala kapena powoloka kakhwawa kouma imagunda sampu kapena ekizozi. Muike anthu 4 mu Sienta, 7 mu Noah, katundu wolemera akhale mu Noah. Pa mzere wa matayala pomwe pakumbika, yendetsani tayala limodzi pamwamba pa msana wa pakati. Powoloka khwawa lowani mopingasa pang'ono, tayala limodzi limodzi.

China ndi sipeya. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi katayala kakang'ono kachikasu kaja, ena alibiretu. Kameneko si ka msewu wa miyala. Bwerekani tayala lenileni lokhala ndi limu yake, mulipope. Jeke muiyese kunyumba, pamodzi ndi sipanala ya mawilo ndi kathabwa kolimba koika pansi pa jeke pamchenga. Mafuta dzazani thanki ku Blantyre dzulo lake. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 140, onjezani 50 kapena 60 a m'nkhalango pa giya yotsika ndi chokwera cha pobwerera. Musadalire kuti mukathira kutsogolo. Mapepala nawo akhale m'malo: laisensi, inshuwalansi, COF, ma triangle awiri ndi chozimitsira moto, paja pa msewu umenewu pali marodibuloko.

A Jere: Ndiwonjezere pa za tayala. Likaphulika muli mkati mwa nkhalango musatsike kukasintha nokha. Imbani pachipata, alonda abwera kudzaima nanu. Nambalayo mufunse polowa, ilembedwe m'mafoni awiri a makampani osiyana, chifukwa netiweki imaduladula m'makhwawa. Magalimoto awiriwo aziyenda moonana.

Koma malangizo anga enieni ndi akuti magalimoto anu muwasiye pamalo olandirira alendo, mulipire galimoto ya nkhalango yokhala ndi wolondolera. Iye amamva kwa anzake komwe njovu zamwera m'mawa umenewo, amawerenga mapazi, ndipo madalaivala anu awiri nawonso aona nyama m'malo moyang'ana miyala. Muyenera kusungitsa malo pasadakhale, makamaka Loweruka ndi pa tchuthi. Ngati ndalama zavuta, funsani ngati wolondolera angakwere m'galimoto yanu.

Nachisale: Pa galimoto ya nkhalangoyo ndichenjezeko. Ndi yaitali, pokwera pamafunika kuponda tayala kapena kamakwerero kachitsulo. A mawondo ndi a msana akhale mzere woyamba kumbuyo kwa dalaivala, ndi pomwe pamagwedeza pang'ono. Mzere wakumbuyo uli pamwamba pa matayala, bampu iliyonse imafika m'khosi. Tengani kampando kakafupi kopondera, ndipo potsika muzitsika chambuyo, nkhope itayang'ana galimoto, manja onse awiri atagwira. Amayi, tsiku limeneli ndi la thalauzi kapena siketi yotakasuka, chitenje mumange pamwamba mukatsika.

A Phiri: Zikumveka. Ndiye tinene kuti tinyamuke 4:30 m'mawa kuti 6 koloko tikhale pachipata?

Nasibeko: Pepani a Phiri, mu Julayi 4:30 ndi usiku. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko. Mukhala mukutsika phiri lomwe a Mbewe akuliopalo mumdima, mwinanso m'chiperoni. Miyezi imeneyo nkhungu imatha kutseka pamwamba pa phiri osaona galimoto ya patsogolo.

A Mbewe: Achemwali anena zoona. Mu Julayi ndi Ogasiti nyamukani 5:30, pofika potsetsereka kwayera. 7 koloko muli pachipata. M'miyezi yozizira nyama sizithawira mumthunzi msanga, simutaya kanthu. Za 4:30 ndi za mu Okutobala, pomwe kumacha 5 koloko ndipo pofika 9 koloko nyama zonse zabisala. Chiperoni chikakupezani, yatsani magetsi apansi, aatali amangokubwezerani kuwala m'maso.

A Jere: Tsiku likhoza kuyenda chonchi. Pachipata muwerengere theka la ola la kulemba maina, kulipira ndi kupita kuchimbudzi. Kuyambira 7:30 mpaka 10:30 kuzungulira, makamaka misewu ya m'mbali mwa Shire. Muziyenda pa liwiro la makilomita 15 kapena 20 pa ola. Wothamanga amangoona michira. Pa chithaphwi zimitsani injini mudikire mphindi 15, nyama zimabwera zokha phokoso likatha. Kuyambira 11 mpaka 2 koloko khalani pansi pamthunzi pamalo a alendo a tsiku limodzi, pali malo odyera, zimbudzi ndi dziwe losambira. Nthawi imeneyo kuzungulira ndi kuwotcha mafuta chabe. Kenako kaulendo kakafupi kukaona mathithi a Kapichira kapena kukwera bwato, 3:30 muyambe ulendo wobwerera.

A Banda: 3:30? Si nthawi yomwe nyama zimayamba kutuluka imeneyo? Chipata amatseka cha m'ma 6, tithamangira chiyani?

A Mbewe: Tithamangira maso athu, achimwene. Mu Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5:20. Mukatuluka 6 koloko, msewu wonse wa ku Dyeratu mpaka Thabwa muuyenda mumdima, muli akabaza opanda magetsi, ngolo, mbuzi ndi ng'ombe zobwerera kukhola. Paphiri mukapeza malole a shuga a ku Nchalo akukwawa, ndipo munthu wotopa amayesa kupitirira pakona. Wa zaka 65 amene wadzuka 4 koloko n'kukhala padzuwa tsiku lonse si dalaivala wa usiku. Amene akufuna nyama zamadzulo agone konko, kuli malo ogona alendo a Thawale, kuli malo omanga matenti, koma umenewo ndi ulendo wina ndi bajeti ina.

Pokwera phiri yang'anani singano ya kutentha kwa injini. Ikayamba kukwera zimitsani AC, tsegulani mawindo, yatsani hita mpaka kumapeto, imakoka kutentha kuchoka mu injini. Ikapitirirabe imani. Chotsekera cha rediyeta musachitsegule mpaka patadutsa theka la ola, madzi ake amasenda nkhope.

A Banda: Chabwino, ndagonja. Koma Kapichira yekhayo tisamudumphe. Ndi mathithi amene anatsekereza Livingstone mu 1859 pomwe ankakwera Shire ndi sitima yake ya nthunzi, ndiponso ndi pomwe pali makina a magetsi aja anawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, tonse n'kukhala mumdima miyezi yambirimbiri. Ndikufuna ndikaone pomwe panachokera mavuto a makandulo.

Nachisale: Tsopano za thupi, ndipo apa ndichedwapo chifukwa m'gulu la anthu 11 a msinkhu umenewu simungalephere kupezeka a BP ndi a shuga.

Madzi: malita 3 munthu aliyense, ndiye malita 33, kuwonjezapo malita 5 pa galimoto iliyonse a rediyeta ndi kusamba m'manja. Kukakhala kotentha, malita 4. Munthu wamkulu ludzu limamufika mochedwa, thupi litauma kale, choncho musadikire ludzu. Wina akhale ndi udindo wokumbutsa, kapu imodzi pa ola lililonse. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri ndi ichi: anthu amamva kuti m'nkhalango satsika m'galimoto, ndiye amasiya dala kumwa madzi poopa kufuna kutaya madzi. Mapeto ake mutu, chizungulire, kukomoka poimirira. Uzani wolondolera poyamba pomwe kuti gulu ndi la akuluakulu, akonze zoima pamalo ololedwa pakatha ola ndi theka. Abambo a vuto la chikhodzodzo atenge botolo la kukamwa kwakukulu ndi chitenje, palibe chamanyazi.

Amene amamwa mankhwala a BP okodzetsa aja asawadumphe mwa okha. Funsani kuchipatala komwe mumalandira ngati mungasinthe nthawi yomwera tsiku limenelo. Mukakhala nthawi yaitali m'galimoto, musadzuke mwadzidzidzi. Khalani kaye m'mphepete mwa mpando, pondani pansi, werengani mpaka 10.

A shuga, ngozi yanu ili m'mawa. Munthu amamwa mapiritsi kapena kubaya insulini 5 koloko, n'kunena kuti ndikadya kutsogolo, kutsogoloko n'kukhala 11 koloko. Idyani musananyamuke. Shuga akatsika munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, amayankhula zosagwirizana, ena amangokwiya popanda chifukwa. Mupatseni masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi kapena theka la botolo la Fanta, dikirani mphindi 15, ngati sizikusintha bwerezani, akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni cham'mbali, thamangani naye ku chipatala cha boma ku Chikwawa. Insulini isakhale padashibodi kapena m'galimoto yotsekedwa padzuwa. Ikhale mu kula bokosi koma yokulungidwa m'kathaulo, isakhudze ayisi, chifukwa ikaundana yawonongeka ngakhale itasungunuka.

Aliyense alembe pa kapepala matenda ake, mankhwala omwe amamwa ndi nambala ya mwana kapena m'bale, aike m'thumba la malaya. Buku la kuchipatala litengedwenso.

Nangozo: Thanzi ORS titengeko mapaketi angati?

Nachisale: Asanu akwana. Paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino. Akasowa, lita imodzi ya madzi, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Musapitirize mchere. Munthu akatenthedwa mpaka kusokonezeka mutu, khungu lotentha ngati mbaula, imeneyo si ya ORS ayi. Mumthunzi, mumuvule zothina, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, ulendo wa kuchipatala.

Ndipo mukabwerako, wina akamva kutentha thupi kapena kuphwanya patatha sabata imodzi kapena ziwiri, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Ku Chikwawa udzudzu sugona.

Nasibeko: Zovala: m'mawa pa galimoto yotsegula mu Julayi kumazizira mpaka mano kugundana, pofika 10 koloko mukufuna kuvula zonse. Valani zosanjikiza, juzi pamwamba pa malaya a manja aatali opepuka. Mitundu ikhale yofanana ndi tchire louma, khaki, bulauni, girini wofwifwa. Zoyera zimaonekera patali ndipo zibwerako zofiira ndi fumbi. Zakuda ndi zabuluu woderako zimakoka kashembe m'nkhalango zomwe alimo. Chipewa chikhale cha khonde lonse ndi chingwe cha pachibwano. Nsapato zotseka, minga ndi yambiri.

Amene ali ndi bainokyula abweretse, imodzi pa anthu awiri ikwana. Za 8x42 ndi zabwino kwa ife kuposa za 10x50, chifukwa zikamakuza kwambiri kunjenjemera kwa manja nakonso kumakula, nyama imangovina. Ovala magalasi apinde kapena kupotokola timphira ta kumaso tilowe mkati, apo ayi mudzangoona kabowo kakang'ono ngati mukusuzumira pa kiyi. Poyang'ana, maso akhale pa nyamayo, bainokyula ndiyo ibwere kumaso. Mukaweramitsa mutu kuifuna, podzuka nyama yasowa.

Masana aja omwe a Jere akuti tikhale pansi, mbalame sizipuma. M'mbali mwa Shire muli nkhwazi, akakowa, anankapakapa, ndipo m'tchire nkhanga ndi nkhwali zili mbwee.

A Banda: Nkhanga zimenezo osatengako imodzi ya ndiwo?

A Jere: Nthabwala imeneyo muisiye pa Thabwa, achimwene. Lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ikuluikulu chilango chake chimafika zaka 30 m'ndende. Ngakhale nyanga yogwa yokha, fupa, munga wa nungu kapena nkhuni, musatole. Wina akakutsatsani nyama yowamba m'njira, musafunse n'komwe mtengo.

Za njovu ndizinene bwinobwino, chifukwa ndi pomwe oyendetsa okha amalakwitsa. Imani patali, mamita 50 kapena kuposa. Musaime pakati pa mayi ndi mwana, kapena pakati pa gulu ndi mtsinje pomwe likupita kukamwa. Musanaime yang'anani kothawira, ndipo galimoto yachiwiri isakhale pamchira pa yoyamba, isiye mpata wa magalimoto atatu kuti yoyambayo ithe kubwerera. Hutala ayi, kuimba mluzu ayi, kutulutsa thupi pawindo ayi.

Njovu yomwe ikukupiza makutu pang'onopang'ono uku ikudya ikungodziziziritsa. Yomwe yasiya kudya, yakweza mutu, yatambasula makutu n'kuwaumitsa, ikupukusa mutu kapena kuponya fumbi ndi chitamba, ikukuuzani kuti mwayandikira. Bwererani pang'onopang'ono osaliza injini. Yoopsa kwambiri ndi yamphongo yomwe ili pa nyengo yake: mudzaona madzi akuda akuyenderera pakati pa diso ndi khutu, miyendo yakumbuyo yonyowa ndi mkodzo, ikuyenda mutu uli m'mwamba ngati mwini msewu. Imeneyo musaidikire, ipatseni njira yonse.

Njati yokhala yokha ndi yokalamba ndipo ndi yaukali. Pamphepete pa madzi musayandikire kupitirira pomwe wolondolera waima, ng'ona ya mu Shire simaoneka mpaka itafika.

Nangozo: Za chakudya ndi ndalama ndiye mbali yanga. Mpunga wa nkhuku wophika 3 koloko m'mawa n'kukhala m'galimoto yotentha mpaka masana ndi njira ya kutsegula m'mimba. Saladi wa mayonezi chimodzimodzi. Titenge zosasasa msanga: mazira owiritsa osasenda, mbatata yowotcha, chinangwa, mtedza wokazinga, zitumbuwa, nthochi, buledi. Tiyi m'mafulasiki atatu, imodzi yopanda shuga. Chamasana tingathe kudya pamalo odyera a konko, koma gulu la 11 liyenera kuitanitsiratu dzulo lake, apo ayi tidikira mpaka nthawi ya bwato itadutsa. Tifunsenso ngati amalola kudyera zathu pamalo awo.

Mabotolo 10 a malita awiri tiwaike mufiriza usiku, osadzaza mpaka pakamwa chifukwa amaphulika. Ndiwo akhale ayisi wa mu kula bokosi, akasungunuka timwa. Zakudya zikhale zotsekera ndipo mawindo otseka tikatsika. Anyani ndi apusi amadziwa jumbo kuposa ife, ndipo kuwaponyera nthochi n'koletsedwa, nyani wozolowera kupatsidwa amadzaluma mwana wa wina. Zinyalala zonse tibwere nazo.

Ndalama zili m'magawo awa: yolowera munthu aliyense, yolowera galimoto iliyonse, galimoto ya nkhalango ndi wolondolera, bwato kwa ofuna, mafuta, chakudya, ndi kangachepe kothokoza wolondolera. Mitengo imasinthasintha ndi mmene kwacha ikuyendera, ndiye ndiimba ndifunse ya mwezi uno, ndifunsenso ngati amalandira Airtel Money, Mpamba kapena khadi. Pamwamba pa zonse tionjezepo gawo limodzi mwa magawo 10 la zogwa mwadzidzidzi. Kusonkha kuthe masabata awiri ulendo usanafike. Wosiya ulendo mochedwa ya mafuta sabwezeredwa, tigwirizane pano kuti tisadzadane.

A Jere: Pa yolowerayo, Amalawi amalipira yotsika kwambiri poyerekeza ndi alendo akunja, koma muyenera kuonetsa chiphaso cha unzika. Ngati wina akubwera ndi mwana kapena mlamu wa pasipoti ya kunja, mtengo wake ndi wina, muwerengeretu.

Nasibeko: Bwato lija ndi la aliyense? Ena madzi timawaopa.

A Jere: Si lokakamiza. Koma kwa a mawondo ndi lofewa kuposa galimoto, palibe bampu, ndipo mvuu, ng'ona ndi njovu zomwa madzi mumaziona pafupi. Povuta ndi pokwera ndi potsika pokha, pagombe pamaterera, wina agwire dzanja. Jekete yoyandamitsa muvale ndi kumanga malamba onse, manja asalendewere m'madzi. Ulendo wa bwato umatengeranso mmene madzi alili, ndiye a Nangozo poimbapo mufunse. Mukasankha bwato, Kapichira mumuone m'mawa pomaliza kuzungulira, zonse ziwiri masana sizikwana ndi 3:30 ija.

A Banda: Nanga kabotolo kozizira ka masana?

Nachisale: Madalaivala awiriwo ayi ndithu. Enanu limodzi, mutadya, ndipo silikuwerengedwa pa malita atatu aja. A shuga obaya insulini alisiye.

A Mbewe: Galimoto iliyonse ikhalenso ndi dalaivala wachiwiri wokhala ndi laisensi, wotsika phiri m'mawa asakhale yemweyo wokwera nalo madzulo ngati zingatheke. Amene maso ake ali ndi ng'ala yoyamba, kuwala kwa magalimoto obwera kutsogolo kumamuchititsa khungu, ameneyo atenge gawo la m'mawa kutayera.

A Phiri: Ndalemba zonse. Tikuti Lachitatu la sabata yachiwiri ya Ogasiti, pakati pa sabata kuti kusakhale khamu. Kukumana 5:15, kunyamuka 5:30, wochedwa atipeza pa zithunzi. A Mbewe aperekeza magalimoto kwa makaniko, a Nangozo aimba foni mawa. Kampando kopondera kaja ndani ali nako?

Nasibeko: Ndili nako ka thabwa, koma mwendo umodzi ukugwedera. A Mbewe mukamapita kwa makaniko mudutse mukatenge, mukakhomeko misomali iwiri.